Mlonda Wovala Ndowa

Anthu a mumsewu wina atatopa ndi kuona ana akugona ndi njala, anagwirizana zotsegula chipinda cha chakudya kuseri kwa holo, choti wosowa aliyense azilowa n'kutenga popanda womuona. Telala, mayi waukali amene anamusankha kukhala wapampando chifukwa ankaposa onse kukweza mawu, analawirira kumeneko tsiku lina atabisa kachikwama kopanda kanthu m'juzi, poti makina ake osokera anali atafa, mwamuna ali kutali kosaka ntchito, kunyumba kutatsala mchere wokha ndi ana awiri omuyang'ana m'maso. Koma pachitseko anapeza loko, ndipo pambali pa lokoyo panali mlamu wake, mkulu wa mwamuna wake, atakhala pampando, ndowa yachitsulo ataivala kumutu.

"Imani pomwepo!" inatero ndowa. Mawu ake ankamveka ngati a munthu wogwera m'chitsime. "Ndinu wosauka kapena wakuba?"

"Alamu! N'chiyani chimenechi?"

"Funso langa silinayankhidwe."

"Ndine, alamu. Mkazi wa mng'ono wanu."

"Aaa, mwaononga! Tsopano ndakudziwani." Mlonda anamenya bondo lake ndi dzanja. "Bwererani, mukabwerenso ngati munthu wosadziwika."

"Vulani chindowacho."

"Sindingathe. Ndili pantchito."

"Ntchito yanji yovala ndowa?"

"Msonkhano unati mlonda asaone munthu wotenga chakudya. Munanena ndinu, amayi apampando, mutakwera pabenchi, mukumenya tebulo ndi sizasi."

"Ndinati asaone, inde, kuti munthu asachite manyazi. Za ndowa ndinazitchula ine?"

"Ndinayamba ndi kutsinzina. Ndinagona. Ndinayesa kuyang'ana kukhoma, khosi linauma. Ndowayi ndiye yandiyanja."

"Nanga lokoyu?"

"Msonkhano unatinso mlonda aonetsetse kuti palibe wakuba. Ndiye wakubayo ndimuona bwanji ndili m'ndowa? Ndinakhoma."

Telala anagwira m'chiuno.

"Ndiye anthu azilowa bwanji?"

"Amayankha funso. Akati 'wosauka', ine ndimatsegula."

"Mwatsegulirapo angati?"

"Palibe."

"Palibe?"

"Onse amangoti, 'Pepani, ndasokera,' n'kubwerera. Anthu akusokera kwambiri mumsewu uno masiku ano. Ena anabadwira momwe muno, koma akusokerabe."

"Mayo ine!"

"Mmodzi yekha ndi amene anayankha. Anati 'wakuba', uku akuseka. Ndinamuthokoza chifukwa chonena chilungamo, koma sindinatsegule."

Telala anasuzumira pazenera. Mashelufu anali odzaza mpaka kudenga: mpunga wa mwini golosale, nyemba, mafuta ophikira, mazira, kabichi woyamba kufota, buledi wa ophika buledi atayamba kuuma ngati njerwa. Zonse zili ndwii, zikudikira anthu amene akugona ndi njala mbali ina ya khoma lomwelo. Mtima wake unawira. Koma kachikwama ka m'juzi kanamukumbutsa chimene anadzera, ndipo anameza ukali. Mlamu wakeyu sankadziwa kubisa mawu. Ankakhala ndi amayi ake, ndipo apongoziwo akangomufunsa kuti kuli bwanji kwa mng'ono wako, ankafotokoza zonse mpaka mtundu wa makatani. Apongozi omwewo anali atalumbira kale kuti tsiku limene adzamve kuti zidzukulu zawo zagona ndi njala, adzabwera kudzazitenga, telalayo atsale ndi ulusi wake.

"Tsegulani," anatero mofatsa. "Ndabwera kudzayendera."

"Kuyendera ndi maso kapena ndi manja?"

"Zikukukhudzani bwanji?"

"Msonkhano unati wa komiti asakhudze chakudya. Munati, 'Wa komiti aliyense akakhudza ngakhale njere ya mpunga, ndimudula zala ndi sizasi iyi.' Anthu anaomba m'manja. Ine ndinabisa manja m'thumba, ndipo sindinawatulutsebe bwinobwino."

"Ndinkanena anthu amimba zazikulu aja! Aja amene amati akayang'anira thumba, thumbalo limaonda iwo n'kumanenepa!"

"Za mimba simunatchule. Munati wa komiti."

"Chabwino! Ndi maso!"

"Ikani manja pamutu."

"Alamu, mwapenga?"

"Ine sindikuonani. Ndidziwa bwanji kumene kuli manja anu? Ikani pamutu, muziombaomba kuti ndizimva."

Mlonda anafufuza kiyi m'sokosi, napapasa loko, natsegula. Telala analowa akuomba m'manja pamwamba pa mutu ngati munthu wothamangitsa nkhuku, chigongono chili chothinitsa kachikwama kuti kasagwe. Mlonda ankamutsatira atagwira m'mphepete mwa juzi lake. Pakhomo ndowa inagunda mphuthu, nilira ngati belu.

"Mwapweteka?"

"Ndazolowera. Ombani, mwasiya."

"Taonani bulediyu, alamu! Wauma!"

"Sindingaone."

"Kabichi akulira!"

"Sindinamumve."

Pamenepo m'chipindamo munamveka kulira kwa mimba, kwakutali, kokoka, kokhala ngati galimoto yokana kunyamuka. Onse awiri anaima.

"Ndi mimba ya ndani imeneyo?" anafunsa Telala msangamsanga, kuti asayambe kufunsidwa ndi iye.

"Sindinaone."

"Si yanga."

"Inenso si yanga. Mwina ndi makoswe."

"Makoswe amalira choncho?"

"Akakhala ndi nkhawa."

Telala anayang'ana kumbali. Pamsomali panali ambulera yakuda.

"Nanga ambulera iyi?"

"Ya munthu wosokera. Anaiiwala pothawa. Madzulo ndimapita nayo kunyumba, m'mawa ndimabwera nayo. Msonkhano unati katundu aliyense woiwalika asagone muno, mlonda azipita naye kwawo mpaka mwini wake atapezeka."

"Tinanena zambiri tsiku limenelo."

"Munanena. Enafe tinkangomva."

Atatuluka, Mlonda anakhomanso, nabwezera kiyi m'sokosi, nakhala pampando wake. Telala anasintha mawu, nawapaka shuga.

"Alamu anga, mwatopa. Pitani mukapume pang'ono, mukamwe tiyi. Ine ndikuyang'anirani."

"Wapampando si mlonda."

"Kwa kanthawi kochepa chabe."

"Wakuba amafuna kanthawi kochepa komweko."

"Ndamva ngati akazi anu akukuitanani."

"Ngati akundiitana ndiye kuti mawu awo akula. Anapita kwawo chaka chatha."

"Ndiye ndi amayi!"

"Amayi saitana. Amabwera."

Telala anatembenuka n'kuyang'ana msewu wonse. Kunalibe munthu. Anapuma.

"Chabwino. Ndapita. Tsalani ndi ndowa yanu."

"Muyende bwino, amayi apampando. Moni kwa ana."

Mawu akuti ana aja anamulasa. Anayenda mpaka pakona pa holo, akuponda mwamphamvu kuti amveke kuti wapitadi. Kumeneko anaima, nakoka mpango kumaso, napinda msana, nabwerera akukokera mapazi ndi kutsokomola ngati nkhalamba ya zaka zosawerengeka.

"Odi, mwana wanga," anatero ndi mawu onjenjemera.

"Imani pomwepo! Ndinu wosauka kapena wakuba?"

Telala anatsegula pakamwa. Iye amene anakwera pabenchi n'kukalipira holo yonse kuti umphawi si mlandu, lilime linamukanika.

"Ndine gogo," anatero.

"Ugogo si yankho. Kuli agogo akuba."

"Ndine munthu wa Mulungu."

"Onse awiri ndi anthu a Mulungu. Sankhani, agogo."

"Wos..." ananong'ona.

"Mwati?"

"Wosauka."

"Kwezani mawu. M'ndowa muno mawu a kunja amafika atatopa."

"Wosauka."

"Wosoka? Wosoka wangochoka kumene."

"WOSAUKA!"

Tsidya la msewu zenera linatseguka, mutu unasuzumira, zenera linatsekedwanso. Galu anauwa. Telala anafuna nthaka itang'ambika n'kumumeza ndi mpango womwe.

"Zikomo kwambiri, agogo," anatero Mlonda mosangalala. "Ndinu woyamba. Dikirani nditsegule."

Anawerama kuti atenge kiyi m'sokosi. Ali chiweramire, anaima. Ndowa inapendekera pansi, niyang'anitsitsa.

"Agogo."

"Ee, mwana wanga?"

"Nsapato zimenezi mwazitenga kuti?"

"Ndi zanga."

"Ayi. Pansi pa ndowa ndimaona mapazi, msonkhano sunaletse mapazi. Izi ndi nsapato za mlamu wanga. Lamba wakumanzereyo anamusoka yekha ndi ulusi wobiriwira."

"Zimafanana, mwana wanga."

"Wangochoka pano atazivala. Ndiye kuti mwamuvula pakona! Munthu wamkulu ngati inu! Mwamusiya ali bwanji? Wakuba! Wakubaaa!"

Anatola kamtengo n'kuyamba kumenya ndowa, mutu wake uli momwemo. Ngwe! Ngwe! Ngwe! Nkhunda za padenga zinauluka. Mazenera anatseguka msewu wonse.

"Alamu! Siyani! Ndine!" Telala anamulanda kamtengo n'kukataya. Polimbanapo kachikwama kanapulumuka m'juzi n'kugwera pamapazi pa Mlonda.

"Mlamu? Muli moyo? Nanga agogo aja?"

"Agogo ake ati? Ndinali ine! Ndimakuyesani!"

"Ooo." Ndowa inagwedezeka pang'onopang'ono, ikulirabe. "Ndapambana?"

"Mwalephera! Gogo wanjala mukanamupha ndi mantha!"

"Koma sanali gogo."

"Akanakhala gogo!"

"Akanakhala gogo sakanavala nsapato zanu."

Telala anagwira mutu. Ndowa inapendekeranso pansi.

"Mwagwetsa chikwama. Ndikuchidziwa ichi, munachisoka ndi buluku lakale la mng'ono wanga."

"N'chonyamulira nsalu za makasitomala."

"Mulibe kanthu."

"Makasitomala achedwa."

"Ooo," anatero Mlonda, natola chikwamacho, nachipinda bwinobwino, nachiika pamiyendo pake. "Ndikusungirani, manja anu azikhala omasuka poomba."

Dzuwa linali litakwera. Telala anaganiza za ana aja, amene anawauza kuti asadzuke msanga, agonebe, amayi akubwera ndi kanthu. Anaimirira njo.

"Basi. Ndatula pansi udindo. Kuyambira pano sindinenso wapampando, sindinenso wa komiti. Ndine munthu wamba."

"Simungathe."

"Ndani andiletse?"

"Inuyo. Munati udindo sautula panjira ngati thumba la makala. Amautula pamsonkhano."

"Ndiye tichite msonkhano pompano! Ine ndi inu!"

"Msonkhano umafuna anthu atatu."

"Tiwerenge ndowayo!"

Mlonda anaganiza mozama.

"N'zoona, ndowayi yagwira ntchito kuyambira tsiku loyamba. Sinajombepo. Kuposa ena a komiti."

"Ndiye tayamba. Mfundo ndi imodzi: wapampando achoke. Ogwirizana nazo akweze dzanja." Anakweza lake mpaka juzi linatuluka m'siketi. "Ine ndakweza."

"Sindinaone, koma ndakukhulupirirani."

"Inu?"

"Ine ndikukana."

"Chifukwa?"

"Ndinu wapampando wabwino. Wina aliyense akanakhala atadya kale mazirawo. Inu mwaima pano kuyambira m'mawa, simunakhudze ngakhale chikoko."

"Alamu, ndikukupemphani, ndichotseni!"

"Mtima wanga sukulola. Tsopano timve ndowa. Ndowa, amayi apampando achoke?"

Ndowa inapukusa uku ndi uku.

"Mwaipukusa ndinu!"

"Ine ndangopukusa mutu wanga. Iyo yatsatira mwa kufuna kwake. Awiri kwa mmodzi. Tikukuthokozani, amayi apampando, pitirizani ntchito yabwino."

Mlonda anayamba kuomba m'manja yekha. Telala anamva magazi akuthamangira kumaso. Zonse zinamubwerera nthawi imodzi: buledi wouma, kabichi wofota, anthu osokera m'msewu wa kwawo, mawu aja amene anafuula mazenera ali otsegula.

"Ndine wapampando, eti?"

"Mwasankhidwanso kumene."

"Wapampando ali ndi mphamvu yochotsa mlonda?"

"Ali nayo. Munadzipatsa nokha."

"Ndiye ndakuchotsani! Chokani! Ntchito yatha! Komiti yakutulutsani, inu ndi funso lanu lonunkhalo! Munthu wanjala mukumufunsa ngati ali kukhoti? Wabwera ndi manyazi mpaka m'khosi, inu mukuti akweze mawu? Mukufuna abwere ndi ng'oma? Chokani, ndati!"

Ngakhale galu uja anasiya kuuwa.

"Palibe kuvota?" anafunsa Mlonda motsitsa.

"Palibe!"

"Ndiye sindinenso wa komiti."

"Ngakhale pang'ono!"

Mlamu anakweza manja onse awiri n'kuvula ndowa pang'onopang'ono. Telala anadzidzimuka. Anali asanamuone nkhope kwa masiku. Thukuta linali chuchuchu, pamphumi pali mzere wofiira wozungulira, masaya atalowa m'kati ngati a munthu wodwala. Anaphethira ndi kuwala kwa dzuwa, nawerama, natulutsa kiyi m'sokosi n'kumupatsa ndi manja awiri.

Telala analandira kiyiyo mtima ukuvina. Tsopano bamboyu achoke basi.

"Pitani bwino, alamu. Moni kwa amayi."

"Khalani pampando."

"Chifukwa chiyani?"

"Msonkhano unati chipinda chisakhale chopanda mlonda. Wochotsa mlonda ndi amene amalondera mpaka msonkhano wina."

"Ndani ananena zopusa zimenezo?"

Mlamu anangomuyang'ana mwaulemu.

Telala anakhala. Asanatsegule pakamwa, mdima unamugwera. Ndowa inali kumutu.

"Alamu! Chotsani!"

"Mlonda saona. Ngati ikukula, lumani chogwiriracho."

M'ndowamo munkanunkha thukuta, dzimbiri ndi sopo wakale. Kupuma kwake komwe kunkamveka ngati mphepo ya mkuntho. Wapampando, mlonda, wa komiti kawiri, chikwama atalandidwa, kiyi ali m'manja koma zala zake zili pansi pa lamulo la sizasi yake yomwe. Misozi yaukali inayamba kumuyabwa. Kenaka anaona kuwala. Kutsogolo kwa diso lake lamanja kunali chibowo chachikulu ngati ndalama yachitsulo, ndipo msewu wonse unkaoneka bwinobwino.

Pachibowopo anaona mlamu wake akuyenda mpaka pakona, natembenuka, nakonza kolala, nabwerera.

"Odi," anatero mlamuyo.

"Lowani." Telala anatambasula dzanja la kiyi.

"Simundifunsa?"

"Funso lija ndalithetsa."

"Ndiye mudziwa bwanji ngati ndili wosauka kapena wakuba?"

"Sindikufuna kudziwa!"

"Yankho ndakonzeratu."

"Lisungeni! Tengani kiyi, tsegulani, lowani!"

"Ntchitoyi mukuiphweketsa," anadandaula mlamu, koma anatsegula.

Telala anapendeketsa mutu kuti chibowo chiloze m'chipinda. Anaona bambo uja, amene malaya ake sankasowa kusita ngakhale tsiku limodzi, ataima pamaso pa shelufu ngati munthu wolowa m'tchalitchi. Anatambasula dzanja, nalibweza, nayang'ana zala zake, nalitambasulanso. Ananyema buledi wouma uja n'kuyamba kudya chiimire, mosatafuna bwino, nyenyeswa zikugwera pakolala. Masiku onsewa munthuyu ankakhala pafupi ndi fungo la buledi, mutu uli m'ndowa, mimba ikulira ngati makoswe a nkhawa.

Ukali wa Telala unasowa kolowera.

"Alamu."

"Kuno kulibe alamu. Kuli munthu wosadziwika."

"Munthu wosadziwika, ndowa iyi ili ndi chibowo."

"Ndikudziwa."

"Ndiye masiku onsewa mumaona!"

"Ayi. Ndimatsinzina diso la mbali imeneyo."

"Tsiku lonse?"

"N'chifukwa chake mutu umandipweteka. Inunso tsinzinani."

Telala sanatsinzine. Anamuona akutulutsa thumba m'thumba la buluku, thumba lopindidwa kakang'ono ngati lakhala momwemo nthawi yaitali likudikira. Anathiramo mpunga, nyemba, kabotolo ka mafuta.

"Kunyumba kwa munthu wosadziwikayo kuli bwanji?" anafunsa Telala motsitsa.

"Kuli mayi wokalamba. Amaika poto wa madzi okha pamoto kuti anansi aone utsi. Akatero amatuluka panja n'kumatokosa m'mano."

Telala anatsala pang'ono kugwa pampando. Apongozi! Apongozi omwe aja ofuna kulanda zidzukulu!

"Nanga akakufunsani kumene mwatenga?"

"Ndinena zoona. Ndatenga kumalo kumene mlonda sanaone."

Kenaka mlamu anatambasula chikwama china. Telala anachizindikira msanga, buluku lakale la mwamuna wake. Munalowa mpunga, nyemba, mafuta, buledi wofewako wa pansi, kabichi amene anali asanalire kwambiri. Mazira anawaika pamwamba, limodzilimodzi, atawakulunga m'pepala.

"Munthu mmodzi matumba awiri?" anatero Telala.

"Msonkhano unati aliyense atenge monga mwa kusowa kwake. Za matumba simunatchule."

Anatuluka atanyamula onse awiri. Chitseko anachisiya chotsegula, nachitchinga ndi mwala. Tsidya la msewu anthu amene anatulutsidwa ndi kulira kwa ndowa anali ataima m'timagulu, ndipo ataona chitseko chili pululu, mlonda ali duu osafunsa kanthu, ena anayamba kusokera pang'onopang'ono molunjika komweko.

Mlamu anaima pafupi ndi mpando, naika chikwama cha buluku pansi, pambali pa nsapato ya ulusi wobiriwira. Anawerama n'kumanga chingwe cha nsapato yake, chimene chinali chomanga kale. Atatero anadzuka ndi thumba limodzi n'kuyamba kupita.

"Ee! Inu! Mwaiwala chikwama!"

"Ndani?"

"Inuyo!"

"Ine ndangofika kumene, ndikudutsa. Kodi pali munthu waiwala katundu? Ndiye ndi ntchito ya mlonda imeneyo. Asagone pano. Mupite naye kwanu, ndipo musadikire madzulo, mazira sagwirizana ndi dzuwa. Pampandopo muikepo ndowa, ilondera. Ndi ya komiti."

"Ine ndine wa komiti! Sindikhudza chakudya!"

"Chakudya chili m'mashelufu. Apa pali katundu woiwalika."

Telala anagwira chikwamacho. Chinali cholemera, chofunda ndi dzuwa. Koma ukali wake unali usanafe wonse, ndipo sakanalola kugonja kwa munthu amene anavota pamodzi ndi ndowa.

"Lamulo limati mpaka mwini wake atapezeka!" anakuwa m'ndowamo, mawu akubwerera m'makutu mwake. "Ndichisunga, sindidyako ngakhale njere! Ndidzam'bwezera mwini wake!"

Mlamu anatembenuka, nyenyeswa zidakali pakolala.

"Mwini wakeyo mwamuona, alonda?"

Telala anayang'ana pachibowo. Anaona masaya olowa aja, mzere wofiira pamphumi, thumba lolendewera m'dzanja. Pang'onopang'ono anatsinzina diso lamanja.

"Sindinamuone."

"Nanga mudzam'bwezera ndani?"